Momwe ZRA Imalondolera Msonkho wa Makampani Akuluakulu

Mphunzitsi wa ku Kabwata kapena namwino wa ku Chelstone sakambirana ndi aliyense za msonkho wake. Msonkho wa PAYE umadulidwa malipiro asanafike m'manja, ndipo akalowa m'sitolo za mu Cairo Road amalipiranso msonkho wa VAT wa 16 peresenti pa katundu wambiri. Kampani yaikulu imadziwerengera yokha. Imalemba zimene yagulitsa, n'kuchotsapo zimene yawononga poyendetsa ntchito, ndipo makampani ambiri amapereka 30 peresenti ya phindu lotsalalo ku ZRA, bungwe limene lakhala likutolera misonkho m'Zambia kuyambira 1994. Phindu likachepa pa pepala, msonkho nawo umachepa.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kampani ya kuno ikhoza kugulitsa mkuwa motchipa kwa kampani inzake ya kunja, pomwe zonse ziwiri mwini wake ndi mmodzi. Mkuwawo ukagulitsidwanso pamtengo weniweni, phindu limaonekera kudziko lina, kuno n'kumati mgodi sukupindula. Lamulo limafuna kuti makampani apachibale azigulitsana pamtengo umene anthu osadziwana akanagwirizana. Ofufuza a ZRA akaona kuti mtengowo watsika mokayikitsa, ali ndi mphamvu yowerengeranso msonkho.

Ndi zimene zinachitika ndi Mopani, yomwe inkakumba mkuwa ku Kitwe ndi ku Mufulira ili m'manja mwa Glencore ya ku Switzerland. ZRA inapeza kuti Mopani inkagulitsa mkuwa kwa Glencore motsika kuposa mmene inkagulitsira kwa ogula ena. Mu May 2020 bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula kuti Mopani ilipire K240 miliyoni. Koma misonkho imene ankalimbiranayo inali ya zaka za pakati pa 2006 ndi 2010. Zimandiwawa kuti ndalama zoyenera kugula mankhwala ndi mabuku zinachedwa zaka zoposa khumi, pamene wapantchito sapatsidwa ngakhale mwezi umodzi woti adikire.

Wosakhutira ndi msonkho umene wawerengeredwa amayamba walembera Commissioner General wa ZRA kalata yotsutsa. Zikakanika amapita ku Tax Appeals Tribunal, bwalo lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, kenako ku Supreme Court. Njirayi ndi yotseguka kwa mwini shopu wa ku Woodlands ndi wochititsa lendi nyumba ku Kabulonga, ngakhale kuti amene amaiyenda mpaka kumapeto ndi okhala ndi ndalama za maloya.

Mabowo ena ozembera msonkho ali m'mapangano a msonkho ndi mayiko ena, ndipo mu 2020 boma linaganiza zothetsa pangano lake ndi Mauritius. Malamulo a msonkho amasinthidwa limodzi ndi bajeti ya chaka chilichonse. Bajetiyo isanawerengedwe ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, Unduna wa Zachuma umapempha anthu kuti atumize maganizo awo, ndipo mzika aliyense ali ndi ufulu wolemba, osati makampani a migodi okha.