Windows 10 idasiyidwa yopanda mlonda, nanga kompyuta yanu muitani?

Mukalowa m'kashopu kotayipa makalata ndi kupanga fotokope pa tauni, kapena m'nyumba ya mphunzitsi yemwe adagula laputopu yakaunjika, si zachilendo kupeza kompyuta ikuyendera Windows 10. Imayaka bwinobwino m'mawa. Imatulutsa makadi a ukwati, makalata ofunsira ntchito ndi mayeso a ana a sukulu monga mwa masiku onse.

Koma pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft ya ku America, yomwe ndi mwini wake wa Windows, idasiya kusamalira Windows 10 patatha zaka 10 chiitulutsireni mu Julayi 2015. Kampaniyi ikufuna anthu asamukire ku Windows 11, yomwe idatuluka mu Okutobala 2021.

Apa ndiye pagona mutu wa nkhani kwa banja lomwe lidasonkha ndalama movutikira kuti ligule kompyuta. Kodi tisamuke? Tigule ina? Kapena tingokhala chete poti zonse zikuyenda?

Tiyambe tamvetsetsa chomwe chidasintha. Windows ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa zonse m'kompyuta, ndipo akatswiri amaitcha operating system. Ili ngati kapitawo pa esiteti: ndiyo imauza purintala kuti isindikize, imasunga mafailo m'malo mwake komanso imatsegulira khomo mapulogalamu ena monga Word ndi Chrome.

Pulogalamu yaikulu chotere silephera kukhala ndi mabowo. Akuba a pa intaneti amakhalira kufufuza mabowowa kuti alowerepo. Bowo likadziwika, Microsoft imatumiza chigamba kudzera pa intaneti, mwezi ndi mwezi, ndipo ndi zigamba zimenezi zomwe pakompyuta zimalembedwa kuti updates. Chomwe chidatha mu Okutobala 2025 ndi zigamba zaulere zopita kwa aliyense. Nyumba idakalipo, katundu ali momwemo, koma mlonda adatsanzika.

Wina akhoza kunena kuti akuba a pa intaneti amafuna mabanki, osati kompyuta ya ku Mponela kapena ku Luchenza. Vuto ndi loti mavairasi ambiri sasankha nkhope, amangolowa paliponse pomwe apeza potsegula. Mu Meyi 2017, vairasi yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Inkatseka mafailo onse ndi kulamula mwini wake kuti alipire madola 300 kuti awatsegule. Zipatala zina za boma ku England zidachita kubweza odwala. Chomvetsa chisoni nchoti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mu Malichi chaka chomwecho, ndipo omwe adapwetekeka ndi omwe sadachiike. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komanso Windows ikasiyidwa, mapulogalamu ena nawo amayamba kuithawa pang'onopang'ono. Windows 7 idasiyidwa mu Januwale 2020, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2023 kampani ya Google idaleka kutumiza Chrome yatsopano kwa omwe adakakamira Windows imeneyo. Zotere sizichitika tsiku limodzi, koma zimafika ndithu.

Microsoft idapereka kampata kopumira. Idalengeza ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates yoti anthu wamba olembetsa alandirebe zigamba za chitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026, polipira madola 30 kapena mwaulere ngati alumikiza kompyuta yawo ku akaunti ya Microsoft ndi kusungitsa makonzedwe ake kumeneko. Uku kudali kungotalikitsa nthawi ndi chaka chimodzi, funso losamuka lidatsala pomwepo.

Tsono musanathamangire kwa okonza makompyuta, funso loyamba lipite kwa kompyuta yomweyo: kodi ingathe kunyamula Windows 11?

Malinga ndi Microsoft, Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB ndi malo osungira zinthu osachepera 64GB. Izi makompyuta ambiri ali nazo. Pomwe ambiri amagwera ndi pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Chachiwiri ndi purosesa, womwe ndi ubongo wa kompyuta. Kwa mapurosesa a Intel Core, pafupifupi onse ololedwa ndi a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, omwe adayamba kutuluka mu 2017. Kwa a AMD Ryzen, mndandanda umayambira pa Ryzen 2000.

Kudziwa m'badwo sikufuna digiri. Tsegulani Settings, pitani pa System kenako About, muone dzina la purosesa. Mukaona i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 8, ndiye kuti ndi m'badwo wa 8 ndipo zili bwino. Mukaona i5-6300U, umenewo ndi m'badwo wa 6 ndipo suloledwa. Samalani ndi nambala zisanu monga i5-10210U: uwu ndi m'badwo wa 10, osati woyamba.

Palinso pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa PC Health Check yomwe imayeza kompyuta ndi kukuuzani chomwe chikuperewera. Ikadandaula za TPM pakompyuta yomwe purosesa yake ndi yatsopano, musataye mtima msanga. Nthawi zambiri kachipangizoka kamakhala kalimo koma kozimitsidwa, ndipo wokonza makompyuta wodziwa ntchito amakayatsa mu BIOS m'mphindi zochepa.

Ngati kompyuta yanu yakhoza mayeso amenewa, ndipo Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, kusamuka nkwaulere ndipo palibe chifukwa chenicheni chozengerezera. Maonekedwe amasinthako, batani la Start limabwera pakati m'malo mwa kumanzere, koma munthu amazolowera m'masiku ochepa ndipo likhoza kubwezedwa komwe lidali.

Komabe safunsa adadya phula. Pali zinthu zoti mutsimikize kaye.

Kwa yemwe amadyera purintala kapena sikana, onani patsamba la kampani yomwe idapanga makinawo ngati pali driver ya Windows 11, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti kompyuta ndi makinawo zimvane. Purintala zambiri zomwe zinkagwira pa Windows 10 zimagwiranso, koma ena mwa makina akale kwambiri amakana. Kuzindikira zimenezi Lolemba m'mawa makasitomala ali pamzere ndi kutaya ndalama za tsiku lonse. Chimodzimodzinso mapulogalamu akale owerengetsera ndalama kapena osungira mndandanda wa katundu m'shopu. Dziwaninso kuti Office 2016 ndi Office 2019 zidasiyidwa tsiku lomwelo la 14 Okutobala 2025.

Kenako koperani zonse zofunika pa fulashi kapena pa hard drive yakunja: zithunzi za ukwati, masatifiketi, mabuku a ngongole, ntchito ya mwana wa ku koleji. Kawirikawiri kusamuka sikufufuta mafailo, koma magetsi akathima ntchito ili pakati, zinthu zikhoza kusokonekera. Laputopu ikhale yodzaza moto komanso yolumikizidwa kumagetsi. Kompyuta ya patebulo yopanda batire yothandizira ndi bwino kuinyamula kupita nayo pomwe pali magetsi odalirika.

Werengeraninso bandulo. Windows 11 imadya ma GB angapo potsitsa, kuwonjezera zigamba zobwera pambuyo pake. Kuchita zimenezi ndi bandulo ya pafoni ya tsiku limodzi ndi kudziputira mavuto.

Mukasamuka, muli ndi masiku 10 oti mukhoza kubwerera ku Windows 10 kudzera mu Settings ngati china chake chakana kugwira. Gwiritsani ntchito masiku amenewa kuyesa chilichonse: sindikizani, sikanani, tsegulani mafailo akale. Chinanso, Windows 11 ikaikidwa mwatsopano ndi akaunti ya Microsoft imatha kukhoma mafailo ndi loko ya chitetezo yotchedwa BitLocker, ndipo kiyi wake wa manambala 48 amasungidwa mu akauntiyo. Onetsetsani kuti akauntiyo ndi yanu, osati ya amene wakukonzerani, ndipo pasiwedi yake mwaisunga pabwino.

Nanga kompyuta ikalephera mayeso? Apa yankho lidalira ntchito yomwe imagwira.

Ngati ndi yongotayipira ndi kuonera mafilimu, ikhoza kugwirabe ntchito zaka zina bola isamalowe pa intaneti. Koma kumbukirani kuti mavairasi amayendanso pa fulashi. Kashopu komwe kasitomala aliyense amabwera ndi fulashi yake kali pachiopsezo ngakhale popanda intaneti, choncho pulogalamu yogwira mavairasi iyenera kukhala yatsopano nthawi zonse.

Ngati kompyutayo mumalowera ku akaunti ya kubanki, kutumizira mafomu a sukulu kapena kusungira zinsinsi za makasitomala, kuisiya yopanda zigamba ndi kusewera ndi moto. Njira yosalira ndalama ndi Linux, operating system yaulere yomwe imayenda bwino pa makompyuta akale. Mitundu yodziwika ndi Linux Mint ndi Ubuntu. Ubuntu adaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali likutanthauza chomwe ife timati umunthu. Ubwino wake ndi woti mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kanthu. Ya kalata ndi masamu ilipo yaulere yotchedwa LibreOffice, yomwe imatsegula mafailo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina mizere ndi matebulo zimasuntha pang'ono. Koma wojambula makadi ndi zikwangwani ndi CorelDRAW kapena Photoshop adziwiretu kuti mapulogalamu amenewa sadapangidwire Linux.

Pali njira inanso yomwe okonza makompyuta ena angakuuzeni, yokakamiza Windows 11 kulowa m'kompyuta yosaloledwa. Zimatheka, ndipo kompyutayo imayaka. Koma Microsoft idanena poyera kuti silimbikitsa zimenezi ndipo silonjeza kuti makompyuta otere azilandira zigamba. Wosankha njirayi adziwe kuti tsiku lina zigamba zikhoza kungoleka kubwera iye akuganiza kuti ndi wotetezeka.

Mfundo yomweyi ndiyo yofunika kwambiri kwa omwe akufuna kugula. Malaputopu ambiri akaunjika ndi omwe makampani a kunja adasiya atagula atsopano. Ena ndi olimba ndithu, monga HP EliteBook 840 G3 ndi Lenovo ThinkPad T460, koma mapurosesa awo ndi a m'badwo wa 6. Wogulitsa akhoza kukuonetsani Windows 11 ikuwala pasikirini, inu osadziwa kuti idachita kukakamizidwa. Musakhutire ndi maonekedwe. Pemphani kuti akutsegulireni About muwerenge nokha nambala ya purosesa, ndipo ikakhala 7 kapena kutsika, mtengo nawo utsike.

Choncho mwana akabwera kuchokera ku sukulu ndi nkhani yoti kompyuta yatha ntchito pakufunika ina, khalani naye pansi muyankhe mafunso atatu. Purosesa ndi ya m'badwo uti? Kompyutayi imalowa pa intaneti ndi kukhudza ndalama? Purintala ndi mapulogalamu omwe mumadyera adzagwira ntchito mukasamuka? Mayankho ake akuuzani ngati pakufunika bandulo yokha, fulashi ya Linux, kapena kuyamba kusunga ndalama pang'onopang'ono. Koma kaya musankha njira iti, mafailo anu akopereni pena lero lomwe.