Kodi Nandolo Wanu Amathera mu Mphika wa Yani?

Alimi anzanga, makamaka inu a ku Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, chaka ndi chaka mumagulitsa nandolo, nimungomva kuti wapita ku India. Kodi munafunsapo kuti womudya ndani? Tiyeni lero tikacheze pakhomo pa mlimi wa Chihindu m'chigawo cha Gujarat, kumene kunachokera Amwenye ambiri a m'dziko muno.

M'midzi ya kumeneko nkhalamba, ana ao aamuna, akazi a anawo ndi adzukulu kawirikawiri amadyera mphika umodzi, ngakhale masiku ano ambiri a m'tauni amakhala paokha. Mnyamata akakwatira amatengera mkazi kwa atate ake, monga chitengwa cha kwathu kuno. Mwana popereka ulemu amawerama nakhudza mapazi a wamkulu, ndipo polowa m'nyumba nsapato amazisiya pakhomo.

Mai amadzuka kusanache. Akasamba amayatsa kanyale pangodya yopempherera, nathirira kachitsamba kotchedwa tulsi kamene amakayesa kopatulika. Pamenepo atenga ndowa nakakama ng'ombe kapena njati. Musadabwe, njati za kumeneko nzoweta, ndipo mkaka wake uli ndi mafuta ambiri. Mkaka wina amaphikira tiyi, wina amapita nawo m'mawa ndi madzulo ku bungwe la alimi la m'mudzimo, kumene amaupima ndi kuwalipira. Mabungwe otere anayambira ku Anand m'chaka cha 1946, ndipo lero amadziwika ndi dzina lakuti Amul. Ndowe nazo sizitayidwa ai. Zina amazira nazo pansi, zina amaumba timitanda touma tosonkhera moto, zotsala zimanka kumunda.

Tsono tifike pa chakudya. Nsima yao ndi timikate topyapyala ta ufa wa tirigu kapena wa mchewere, tootcha pachiwaya, pamodzi ndi mpunga. Mabanja ambiri a ku Gujarat sadya nyama chifukwa cha chipembedzo. Ndiwo yao ya masiku onse ndi dal, ndiye nandolo wochotsa makoko ndi kumuswa pakati, wophika mpaka kuphwetekera ngati chipere, wothira mchere, tsabola ndi zokometsera zina. Amadya ndi dzanja lamanja monga ife. Mwana wa kumeneko amakula ndi nandolo monga wathu akulira nsima, ndipo tsiku limene dal wasowa mai amachita manyazi.

Nanga bwanji amagula kwa ife pamene iwonso amalima? Mvula yao imagwa kuyambira Juni kufikira Sepitembala, ndipo nandolo wao amacha cha m'Disembala. Wathu amauma kuyambira Julayi, tsono amafika kumeneko nthawi imene nkhokwe zao zaphwa. Ndiyonso nyengo ya phwando la Diwali, m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene amasesa ndi kukongoletsa nyumba, kuyatsa nyale zambiri usiku, ndi kuphikira abale ochokera kutali.

Koma kumbukirani kuti msika wakutali suli m'manja mwanu. M'chaka cha 2017, India atakolola nandolo wambiri, boma lao linachepetsa wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno unagwa kotero kuti alimi ambiri analira. M'chaka cha 2021 maboma awiriwa anapangana kuti India azilandira matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chiri chonse kwa zaka zisanu. Pangano lotere limathandiza, koma silichotsa ngozi yonse.

Chifukwa chake ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, pokonza nandolo wogulitsa ganizani za mai uja amene adzamuphikira ana ake. Muumitseni bwino, mumpete ndi lichero, muchotse miyala ndi wofumbwa, pakuti wogula sabwereranso kumene anapeza mchenga m'thumba. Chachiwiri, musagulitse yense. Ngati banja la ku Gujarat likulera ana amphamvu ndi nandolo ndi mkaka popanda nyama, nanga ife eni munda tilekerenji kusunga thumba limodzi la chipere cha ana athu m'miyezi ya njala? Mtengo ukagwa, nandolo wa m'nkhokwe sakunamizani, ndipo mizu yake yakusiyirani kale chonde m'munda.