Chikhalidwe ndi Mantha pa Galimoto Zodziyendetsa Zokha

Galimoto yodziyendetsa yokha ndi imene imadalira makamera, zipangizo zoyezera kutalika kwa zinthu zoizungulira ndi kompyuta kuti iyende pamsewu popanda dalaivala kugwira chiwongolero. Ngakhale ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, malinga ndi World Health Organization, mantha a anthu pa galimoto zimenezi satsata ziwerengero, pakuti, monga katswiri wa za maganizo Paul Slovic anaonetsera, munthu amaopa choopsa chachilendo ndi chimene alibe nacho ulamuliro kuposa chimene anachizolowera. N'chifukwa chake imfa ya mayi mmodzi, yemwe anagundidwa ndi galimoto yodziyendetsa yokha ya kampani ya Uber akuwoloka msewu usiku atagwira njinga ku Tempe, Arizona, mu 2018, inachititsa kampaniyo kuimitsa kuyesa galimotozo, chonsecho imfa zobwera ndi madalaivala oledzera sizitseketsa misewu.

Chaka chomwecho, akatswiri a ku yunivesite ya MIT anafalitsa m'magazini ya Nature zotsatira za kafukufuku wotchedwa Moral Machine, momwe anthu a m'maiko ndi madera 233 anapereka mayankho pafupifupi 40 miliyoni pa funso lakuti galimoto ipulumutse yani mabuleki akafa. M'maiko ambiri a azungu anthu anatsamira pa kupulumutsa ana m'malo mwa okalamba, koma m'maiko monga Japan, Taiwan ndi Indonesia, kumene ukalamba umalemekezedwa, maganizo amenewo anali ofooka. Ndipo kumene olemera ndi osauka atalikirana kwambiri, oyankha anakondera munthu waudindo kuposa wosowa pokhala. Zotsatirazi n'zofunika kuziwerenga mosamala, popeza oyankha anali okhawo okhala ndi intaneti amene anadzipereka okha, komanso funso lotere silichitika kawirikawiri pamsewu.

Nawo maboma sanayende njira imodzi. Komiti imene boma la Germany linakhazikitsa inanena mu 2017 kuti galimoto isasankhe wopulumuka potengera zaka zake kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, zomwe zikutsutsana ndi zimene oyankha ambiri a ku Ulaya anasankha. Ku Japan, kumene okalamba akuchuluka ndipo madalaivala akusowa, tigalimoto toyenda pang'onopang'ono popanda dalaivala tinayamba kunyamula anthu m'tauni ya Eiheiji mu 2023, chifukwa kumidzi yotere choopsa chimene okalamba amachiona tsiku ndi tsiku ndi kusowa chokwera popita kuchipatala.