Nthambo zodula, kodi zimakometsadi nyimbo?

Nyengo ya maukwati ikafika, eni zoimbira amadzazana m'masitolo a zamagetsi, ndipo kumeneko mkangano wa nthambo za masipika sukata. Ogulitsa ena amalumbira kuti nthambo yodula, yansonga zagolide, imatulutsa besi wonona. Ku Ulaya ndi ku America ziliko zogulidwa madola masauzande, mamita atatu okha.

Taonani zomwe zimachitika pa chinkhoswe cha panja. Ampulifaya ili pakhonde, masipika ali patsinde pa mango, mamita 30 kuchokera pamenepo. Pakati pakwawa kawaya kopyapyala, kofiira ndi kokuda, kolumikiza ndi tepi apa ndi apo, ana akukaponda. Perekaniperekani atafika pachimake, mnyamata wa zoimbira akweza voliyumu mpaka pothera, koma ng'oma ikungomveka yolefuka. Apa wolakwa ndi wayadi. Magetsi amapita ndi kubwerera, choncho ulendo wake ndi mamita 60. Waya wa kopa wa 0.5 mm² wotalika chonchi umakhala ndi ma ohm (muyeso wa momwe chinthu chimatchingira magetsi) pafupifupi 2, ndipo ngati sipika ndi ya ma ohm 4, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu limathera m'wayamo. Wa 2.5 mm² umatsitsa ma ohm a waya aja kufika pa 0.4.

Ogulitsa amagwira pomwepa: mwaona, waya ndi nkhani! Zoonadi, koma chomwe chakonza zinthu ndi kunenepa kwa waya, mtengo wake sunalowepo. Pabalaza, pomwe mamita atatu akwanira, waya wamba wa 2.5 mm² uli ndi ma ohm 0.04 okha pa sipika ya ma ohm 8. Chotayika pamenepo n'chochepa kwambiri moti khutu silingachitole. Golide wa kunsonga ntchito yake ndi kuletsa dzimbiri basi.

Nanga amene wagula yodula n'kumva kusintha, akunama? Ayi. Nthawi zambiri amakhala atachotsa waya wakale wansonga zadzimbiri, ndipo watsopano aliyense akanathandiza. Komanso munthu wodziwa ndalama zomwe watulutsa amamvetsera ndi mtima wofuna kukhutira. N'chifukwa chake poyesa mwachilungamo womvera sauzidwa waya womwe walumikizidwa, ndipo pa mawaya ofanana kunenepa ndi kutalika, anthu amalephera kuwasiyanitsa mobwerezabwereza.

Chofunika kuchenjera nacho ndi waya wa aluminiyamu wokutidwa kopa, umene umapepuka m'manja ndipo ukaupala umayera mkati. Pachinkhoswe sipasowa wina wonena kuti asendeze masipika kufupi ndi khonde kuti waya ufupike, koma eni mwambo amawafuna poonekera, kuti odutsa mumsewu adziwe kuti pano pali zinthu.