Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi ku Neno

Pasukulu ya pulayimale ku Neno, kaya ndi kumapiri kwa Dambe kapena kuchigwa chotentha cha Lisungwi, kawirikawiri pamakhala magulu awiri ogwira ntchito yaulere: komiti yoyendetsa sukulu ndi gulu la amayi, lija anthu amangoti mother group.

Ntchito ya komiti imaoneka ndi maso. Chichotsereni fizi ku pulayimale mu 1994, m'nthawi ya a Bakili Muluzi, ana akhala akuchulukira zipinda, ndipo komiti ndi imene imapita kwa amfumu kukapempha kuti mudzi uliwonse utute mchenga ndi miyala. Imakambirananso ndi ahedi za kagwiritsidwe ka ndalama zotukulira sukulu zochokera kuboma. Ku Neno, boma lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, nkhani yaikulu ndi nyumba za aphunzitsi. Mvula ikagwa msewu wopita pa Boma umavuta, ndiye mphunzitsi wosowa pogona sachedwa kupempha transifa.

Amayi aja alibe chomanga choti n'kuloza. Amayamba ndi kaundula wa kalasi: dzina la mtsikana wa Sitandade 7 likakhala ndi mitanda sabata yathunthu, amamanga chitenje n'kupita kwawo kwa mtsikanayo. Kumeneko sayamba ndi lamulo. Amakhala pamphasa, kufunsa za m'munda, kenako n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu bwanji sakuoneka?" Mwina anapita kukakolola mbatata ya kachewere, mwina akugulitsa malonda pa Zalewa, mwina ali kumwezi ndipo alibe chovala chodzitetezera, n'chifukwa chake magulu ambiri amasoka mapadi a nsalu. Mwinanso ndi mimba. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma pepala silifika lokha pakhomo pa malume ake a mwana. Amalifikitsa ndi amayiwa.

Ine ndimaona kuti ulemu sugawidwa molingana. Pamsonkhano wa makolo wapampando wa komiti amakhala kutsogolo pamodzi ndi ahedi, pomwe amayi amapatsidwa mpata kumapeto, anthu atayamba kale kunyamuka. Komabe nawonso ali ndi polekezera: angamubweze mtsikana kusukulu, koma ngati pasukulupo palibe chimbudzi chokhala ndi chitseko, mwezi wamawa ajombanso, ndipo chitsekocho chimagulidwa ndi ndalama zomwe zimadutsa m'manja mwa komiti.