Bulugamu ndi Chisanu cha ku Engutwini

Aliyense amene anagonapo ku Engutwini m'mwezi wa June kapena July, nalawira mbandakucha kukaona udzu wa m'dambo utayera mbuu ngati wawazidwa ufa, adziwa kuti chisanu chotsika m'mapiri a Viphya chilibe chifundo ndi mbewu yanthete. Ndipo sitidabwa kuti ena a ku Luwawa ndi ku Champhira, atabzala mbande za bulugamu mvula ili pafupi kutsazika, amazipeza zitapserera pofika August, nayamba kudandaula kuti mtengowu udana nalo dziko lawo.

Komatu mlandu suli pa mtengo. Bulugamu kwawo ndi ku Australia, kumene mitundu yake iposa 700, ina ya m'zigwa zotentha, ina ya m'mapiri ozizira, monga Eucalyptus nitens, umene a ku South Africa amaubzala kumtunda kumene madzi amaundana usiku. Wokhoza kupeza mbewu yosankhidwa ku ofesi ya zankhalango, kapena kwa akatswiri ofufuza za mitengo ku Zomba, achita bwino. Koma wosakhoza asataye mtima, ayang'ane pafupi ndi kwawo mitengo ingapo yowongoka imene yapirira zisanu zambiri, athyole tizipatso take titayamba kufiirira, natiyanike pansalu padzuwa kufikira titayasama ndi kukhuthula njere.

Njerezo n'zazing'ono ngati za fodya, ndipo yense wodziwa nazale ya fodya watha kale theka la ntchito. Mu September asakanize njere ndi mchenga wosefa, aziwaze pabedi la dothi lofewa popanda kuzikwirira mozama, aphimbe ndi udzu wopyapyala, nathirire m'mawa ndi madzulo ndi chitini chobowola timabowo tating'ono, pakuti madzi othira ndi ndowa amakokolola zonse. Isanathe milungu iwiri zamera, ndipo udzu uja achotse, amange kachisakasa. Mbande zikakhala ndi masamba anayi aziwokere m'machubu, azigwira tsamba osati tsinde. Apa m'pamene akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa muzu umene wapindika tsiku lowokera udzabala mtengo wogwa ndi mphepo patapita zaka.

Pakatsala milungu itatu kuti zipite kumunda, mwini nazale akhale wouma mtima pang'ono: achotse mthunzi, achepetse madzi, adule mizu yotulukira pansi pa chubu, kuti mbande ilawe mavuto isanachoke pakhomo.

Kuyambira mu 1976 Amalawi tinazolowera kubzala mitengo pa 21 January, ndipo ngakhale tsopano nyengo yobzala imatsegulidwa pa 15 December, mwambo wakalewo sunachoke m'mitima ya ambiri. Ine ndiona kuti ku Mzimba kudikira kotere n'kudzimana, popeza mbande yobzalidwa mu December, nthaka itangokhuta mvula, imakhala ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yozamitsa mizu ndi kukhwimitsa tsinde chisanu chisanafike. Ndipo aibzale pachitunda, osati m'dambo kapena m'mbali mwa mtsinje, pakuti mphepo yozizira imatsetsereka usiku ngati madzi n'kukagona kotsika, ndiponso bulugamu ndi wakumwa kwambiri, woumitsa zitsime za anansi. Akatero atsala ndi chiswe, chimene chimadya mizu mwakachetechete m'chaka choyamba. Motero dzenje asalikumbe pafupi ndi chulu, ndipo mapesi ouma asawaunjike patsinde.