Kukopa ndi Kumata: Cifukwa Cake Mau Asintha Maonekedwe

Nkhani yathu ya lero ikhudza aliyense amene amalemba pa kompyuta, makamaka inu aphunzitsi amene mumakonza mafunso a mayeso, ndiponso inu alembi a m'maofesi. Kapena munaonapo kuti mukakopa ndime pa tsamba la intaneti ndi kuimata m'kalata yanu, ndimeyo ifika ndi zilembo zikuluzikulu kapena zamtundu wina, zosiyana ndi zanu. Tsiku lina mucita cimodzimodzi, koma zilembo zonenepa ndi mizere yakunsi zisowa zonse. Ambiri amati makina asokonezeka. Iai, makinawo alikutsata lamulo, ndipo lamulolo ndilo tifuna kulimasulira.

Kudula ndi kumata ndi nchito yakale kuposa kompyuta. Osindikiza mabuku ndi manyuzipepala ankadula ndime ndi sizasi, naimata ndi guluu pa pepala lina. Pakati pa 1973 ndi 1976, Larry Tesler ndi Tim Mott a ku Xerox PARC, mu mzinda wa Palo Alto ku California, analowetsa nchitoyi m'pulogalamu yolembera, dzina lake Gypsy. Makina a Apple, Lisa mu 1983 ndi Macintosh mu 1984, anaifalitsa pamodzi ndi mabatani atatu amene tiwadziwa lero: X wodulira, C wokopera ndi V womatira. Komatu pali kusiyana. Ndime yodulidwa ndi sizasi siingasinthe maonekedwe, pakuti inki inauma kale. Pa kompyuta sizitero.

Kompyuta isunga cilembo ciriconse monga nambala. Mwa dongosolo la ASCII, limene linayamba mu 1963, cilembo A ndi 65, ndipo B ndi 66. Nambalayo sinena kanthu za kukula kwa cilembo, kapena mtundu wake, kapena ngati ciri copendekera. Zonsezi zilembedwa padera monga malangizo obisika, akuti apa nenepetsa, apa jambula mzere kunsi. Cotero ndime imene muiona iri ndi zinthu ziwiri: mau enieni ndi cobvala cake. Masamba a intaneti alemba malangizowo m'cinenero ca HTML, ndipo palinso njira ina ya RTF, imene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 1987.

Mukakanikiza Ctrl ndi C, ndime yanu ipita ku malo osungirako kanthawi, dzina lake clipboard. Kawirikawiri pulogalamu imene mwakopako iikamo ndimeyo m'mitundu ingapo nthawi imodzi: wina wa mau okhaokha, wina wa mau ndi cobvala cake. Mukakanikiza Ctrl ndi V, pulogalamu yolandira ndiyo isankha mtundu umene iutha. Microsoft Word itha kuwerenga malangizo, motero itenga mau ndi cobvala comwe. Kabokosi kofufuzira ka Google sikasamala malangizo, motero kalandira mau okha. Gwirani mfundo iyi: wosankha ndiye wolandira.

Akulu anati walira mvula walira matope. Mukalola cobvala kubwera, cibwera ndi zina zimene simunazifune. Mau amene anali oyera pa tsamba lakuda angafike ali oyerabe pa pepala loyera, inu n'kuyesa kuti palibe cimene camatidwa. Ndiponso cimene ciyenda ndi dzina cabe la mtundu wa zilembo, monga Times New Roman. Ngati mtunduwo mulibe m'kompyuta yanu, makina aikapo wina, ndipo mizere isuntha. Mu Word, malangizo a ndime yonse, monga kukhala pakati pa pepala kapena kutalikirana kwa mizere, asungidwa m'cizindikiro cobisika ca kumapeto kwa ndimeyo. Mukakopa ndime pamodzi ndi cizindikiroco, malangizowo atsata. Mukacisiya, mau atengera ndime imene alowamo. Mau ocokera m'fayilo ya PDF ali ndi bvuto laolao: nthawi zambiri mzere uliwonse ufika wodukaduka, ngati ndime payokha.

Wina anganene kuti, "Ngati ziri tero, ndidzamata mau okha masiku onse." Nzeru imeneyo ndi yabwino pa makalata ambiri, koma iri ndi ngozi yake, pakuti nthawi zina tanthauzo likhala m'cobvalaco. Taganizani za mphunzitsi wa masamu amene akopa funso lakuti 5² + 1. Yankho lake ndi 26. Ngati kanambala kapamwambako kanali 2 wamba wokwezedwa ndi malangizo, pomata mau okha katsika, ndipo pa pepala la mayeso pasindikizidwa 52 + 1. Mwana wosamala ayankha 53, ndipo pocongera alandira mtanda pa colakwa cimene siciri cake. Zodabwitsa ndi izi: m'dongosolo la Unicode, limene linatuluka mu 1991, mulinso cilembo capadera ca 2 wapamwamba cokhala ndi nambala yakeyake, ndipo cimeneco sicitsika. Ziwirizi zioneka zofanana m'maso, cotero simungazisiyanitse kufikira mutamata. Momwemonso liu lakuti "osati", limene munalinenepetsa m'funso kuti ana alione, libwerera kukhala ngati anzake.

Nanga mucite ciani? Coyamba, sankhani nokha musanamate. Mu Word muli njira zitatu zazikulu. Keep Source Formatting isunga cobvala ca kumene mau acokera. Merge Formatting ibveka mau cobvala ca kalata yanu, koma isiya zilembo zonenepa ndi zopendekera monga zinaliri. Keep Text Only ibweretsa mau okha. Mu Google Docs ndi mu Chrome, kukanikiza Ctrl, Shift ndi V pamodzi kumata mau okha. Caciwiri, ngati zotulukapo sizikukondweretsani, Ctrl ndi Z ibweza zimene mwacita, ndipo mungayese njira ina. Cacitatu, cimene ciposa zonse, werenganinso ndime yomatidwayo muli kuyang'ana kumene inacokera, makamaka manambala, zizindikiro za sayansi monga H₂O, ndi mau otsindikidwa.

Aphunzitsi amene muli ndi kompyuta pa sukulu, yesani izi ndi ana anu. Alembe ciganizo cimodzi cokhala ndi liu lonenepa ndi kanambala kokwezedwa, acimate katatu mwa njira zitatu zija, kenaka afotokoze okha cimene catsala ndi cimene casowa. Mwana amene waona 5² ikusanduka 52 ndi maso ake sadzamatanso osawerenga.